Nkhokwe Ija Sinali Yathu

Tadala mwana wanga,

Ndakhala pakhonde pano iwe utapita ku Mitundu kukalukitsa tsitsi. Ndikudziwa kuti subwerako msanga, chifukwa iwe ndi anzako a ku saluni mukayamba macheza mumaiwala kuti muli ndi kwanu. Bambo ako ali pansi pa mango, akuti akukonza zipi ya chikwama chako, koma ntchito yawakulira ndi yopotokola wailesi. Ndiye ndapeza mpata woti ndilembe. Pakamwa umandidziwa, pamsika palibe amandiposa, koma nkhani iyi ndayesa kawiri kuiyamba uli pamaso panga, ndipo kawiri konse ndinathera kukufunsa ngati walongedza sopo.

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa mtima wanga wadzaza. Mawa ukupita ku Blantyre kukaphunzira utolankhani, mwana wa ine amene ndinalekezera Sitandade 8! Ndikuthokoza Mulungu amene wakusunga. Ndikuthokoza bambo ako amene asoka fodya zaka zonsezi mpaka zala zawo zinada bii ndi utomoni, osadandaula. Ndikuthokozanso iwe. Sunatichititsepo manyazi, ndipo ndiwe unandiphunzitsa foni ya tachi mosatopa, ngakhale unkandiseka kuti ndimaidina ngati ndikupha nsabwe.

Tsiku lija unatiuza kuti wasankha utolankhani ndinangoti zii. Iwe unaganiza kuti ndakhumudwa poti ndinkafuna ukhale namwino. Ayi mwanawe, ndinachita mantha. Ndinaona ndi maso anga zimene ntchito imeneyi inachita pamudzi pano, ndipo ndikudziwa zimene ine mayi ako ndinachita. Zina ukuzidziwa, koma chachikulu ndinakubisira. Sindikufuna ukayambe kulemba nkhani za anthu ena usanamve yapakhomo pako.

Cholakwa changa choyamba chinali kuwaseka bambo ako. Paja iwo satha kumvera wailesi imodzi: nkhani zikatha uku, apotokola kuti amve kwina. Ine ndinkati akungotha mabatire. Tsiku lina kunali msonkhano wa ndale pabwalo ku Mitundu, ine ndinapita kukagulitsa mandasi. Madzulo wailesi ina inati kunali chinamtindi cha anthu, popanda poponda. Ina inati kunali ana okhaokha ndi mbuzi. Chikhalirecho ine ndinali komweko. Anthu analipo ndithu, koma osati kwambiri, ambiri anabwera pa malole, ndipo magule atangotha theka linanyamuka. Bambo ako anati, "Mwaonatu amake Tadala, mawailesi awiri onsewa sanafikeko kumene munali inuko." Ine ndinaseka mpaka misozi, nkupitiriza kutsuka beseni langa. Phunziro linadza lokha pakhomo, ine osalitola. Iwe ukatole: nkhani ukaimva kumodzi, usanaikhulupirire kaimverenso kwina, ndipo ngati miyendo ilipo, pita ukadzionere wekha.

Cholakwa chachiwiri ukuchidziwa, ndi cha nkhokwe. Unali Fomu 2 ku sukulu yogonera konko chaka chimene mvula inadula chimanga chitangoyamba kumasula. Tinakolola zochititsa chisoni. Pofika mwezi wa Novembala nkhokwe yathu inali mbee, nkhuku zikuikiramo mazira. Nthawi imeneyo ndinali mlembi wa kalabu ya alimi, komanso adimini wa gulu lathu la pa foni, poti foni ya tachi ndinali nayo ndine. M'gulumo munali a m'mudzi muno ndi matenanti a ku esiteti ya fodya kutsidyaku. Tinkauzanamo za mitengo ya feteleza, za maliro, ndi za mbuzi zosowa.

Ndiye kunabwera galimoto yoyera, muli atolankhani atatu ndi bambo wina wochokera ku boma. Dzina lawo sindilemba, tingowatchula a Jekete, chifukwa ngakhale dzuwa linkaswa mtengo jekete sanavule. Ukudziwa mmene tinaleredwera kuno. Alendo akafika timabwereka mipando kwa aneba, timatulutsa makapu agalasi, timapha nkhuku ngakhale ikhale yomaliza. Akafunsa kuti muli bwanji, olo unagona ndi madzi okha m'mimba, umagwada nkuti, "Tili bwino, kaya inu." Ndi ulemu umenewo, ndipo sindiunyoza. Koma anthu aja ulemu wathuwo ankaudziwa bwino, ndipo ndi umene anadzera.

Anasuzumira m'nkhokwe yathu nkuyang'anana. Wonyamula kamera anati pano kuwala sikuli bwino. Ananditenga pa galimoto mpaka kwa akapitawo a ku esiteti, kumene kunali nkhokwe yaikulu yodzaza mpaka kutsindwi. Chinali chimanga cha phoso, chimene mwini esiteti amagawira matenanti ake pang'onopang'ono. Anandipatsa chitenje chatsopano ndi ngala ziwiri zonenepa za chimanga kuti ndigwire.

"Mayi, mungonena kuti chaka chino alimi tapindula," anatero a Jekete.

"Koma bambo, nkhokweyi si yangatu."

"Aaa, mayi, ichi nchithunzi chabe. Kapena mukufuna dziko lonse lione umphawi wa mudzi wanu? Apongozi anu aonere pa kanema?"

Pamenepo anandipeza. Ndinaima bwinobwino, nkunena zonse anandiuza. Ndipo poti mayi ako pakamwa sipatsekeka, ndinathirako mchere wangawanga: "Kuno ngakhale nkhuku zakhuta!" Onse anawomba m'manja. Kanemayo anaonetsedwa, mawu anga anamveka pa wailesi, ndipo pa masamba a mchezo anafala ngati moto wa m'chilimwe. Abale a ku Dedza anaimba foni kundiyamikira. Ndisaname, sabata yonse ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Kenako itafika nthawi yolemba mayina a olandira chimanga cha thandizo, dera lathu analiika kumapeto. Opita kukadandaula anauzidwa kuti, "Si mwanena nokha pa kanema kuti nkhuku zakhuta?" Tadala, ukadzaona chithunzi cha munthu ataima pa nkhokwe yodzaza, udzafunse kuti nkhokweyo ndi ya yani. Funso lake ndi lalifupi, koma mwa atolankhani atatu aja panalibe amene analifunsa.

Mpaka apa iwe umadziwa kuti mayi ako anapusitsidwa, basi. Tsopano khazika mtima pansi, chifukwa cholakwa chachitatu palibe anandipusitsa.

Patangopita masiku ochepa kanema uja ataonetsedwa, a Jekete anaitana maadimini a magulu a pa foni a dera lino ku Mitundu. Anatimwetsa zoziziritsa kukhosi ndi mabanzi, natilonjeza bandulo mwezi ndi mwezi. Ntchito yathu inali yotumiza m'magulu mwathu mauthenga amene iwo ankatipatsa m'mawa uliwonse: msewu wakonzedwa uku, mjigo watsegulidwa uko. Potsiriza ananena akumwetulira kuti m'gulu mukapezeka uthenga wosokoneza anthu, womangidwa ndi adimini. Ngati lamulolo lilidi choncho, ine sindikudziwa mpaka lero, ndipo sindinafunse. Ndinalandira bandulo yanga nkubwerera kunyumba ndikudziona ngati munthu wa ofesi.

Ukuwakumbuka a Esinati? Mayi aja a ku esiteti, kwawo ku Mulanje, amene ankaimba nafe kwaya ya amayi. Ndi omwe aja anakubereka kumbuyo kuchokera pa mlatho mpaka kuchipatala, tsiku limene unadwala malungo njinga ya bambo ako itaduka tcheni. Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, wolemera ngati thumba la mchere, koma sanakutsitse ngakhale kamodzi.

M'mawa wina a Esinati anaika uthenga wa mawu m'gulu lathu. Ndinautsegula ndikusesa pabwalo. Unayamba chonchi: "Abale anga, ndine Esinati wa ku esiteti. Nkhokwe mwaiona pa kanema ija si ya a Nambewe ayi, ndi ya akapitawo. Kuno ana akugonera mango ophika." Nditangomva dzina langa, mutu unatentha. Ndinauimitsa pomwepo. Mumtima ndinati, munthu wobwera, wodzalima fodya wa eni, andivule pamaso pa mudzi wanga? Ola lisanathe foni inalira.

"Mayi adimini, tamva kuti m'gulu mwanu mwalowa zosokoneza," anatero a Jekete. "Titumizireni timve, kenako mufufute. Paja tinakuuzani amene amamangidwa."

Ndi chala chimodzi chomwechi ndinachita zinthu zitatu. Ndinawatumizira uthengawo, ndinaufufuta m'gulu, ndipo a Esinati ndinawatulutsamo. Ndikanakonda kukuuza kuti anali mantha okha. Mantha analipo, koma munalinso manyazi, munali mkwiyo, munalinso kabandulo kaja. Fodya atamangidwa m'mabelo chaka chimenecho, mwini esiteti anauza amuna awo a Esinati kuti chaka chamawa malo awo kulibe. Chifukwa chake sichinanenedwe, ndipo panalibe amene anachifunsa. Anachoka pa ngolo, ana atakhala pamwamba pa katundu. Ngoloyo inadutsa panjira yathuyi, ine ndinalowa m'nyumba nkutseka chitseko. Utabwera ku holide unafunsa za iwo, ndinakuuza kuti anabwerera kwawo ku Mulanje. Linali bodza, ngakhale kumene anapita sindinkakudziwa.

Mwana wanga, kumene ukupitako zoterezi zikakupeza, ndipo sizidzabwera ndi nkhope yoopsa. Zidzabwera ndi banzi. Ndamva kuti ana a m'makoleji amapatsidwa ganyu yolemba ndemanga pa masamba a mchezo ndi mayina abodza, kutamanda uyu, kunyoza uyo. Ukasowa bandulo uimbe kuno, tigulitsa nkhuku. Munthu akakugulira bandulo mwezi ndi mwezi, tsiku lina adzaimba, ndipo udzapeza chala chako chayamba kale kumumvera.

Cholakwa china chinali kuganiza kuti mabodza ali mbali imodzi. Itafika nthawi ya kampeni, a mbali yotsutsa boma anakafukula kanema uja. Anamudula, anamuthira nyimbo ndi phokoso la nkhuku, ndipo nkhope yanga inazungulira mafoni a dziko lonse. Pamsika ana ankandiitana kuti Mayi Nkhuku Zakhuta. Poyamba ndinati ndi bwino, mwina choona chituluka. Kenako anafika anyamata awiri a tsamba lina, nawonso atanyamula chitenje chawo. Anati, "Amayi, mungolira pang'ono, munene kuti anakuopsezani ndi mfuti." Ndinati panalibe mfuti, panali chitenje ngati chomwechi. Ndinayamba kuwafotokozera za phoso la matenanti, mmodzi nkumayang'ana wotchi. Sanajambule chilichonse. Awo oyamba ankafuna ndiseke, awa ankafuna ndilire, koma panalibe amene anabwera kudzamva. Tsiku limenelo chitenje ndinabweza, ndipo ndicho chanzeru choyamba chimene ndinachita pa nkhani yonseyi.

Nthawi yomweyo iwe unabwera ku holide bulauzi itang'ambika paphewa. Unati inakodwa pa msomali, koma mayi wa mnzako anandiuza zoona: unamenyana ndi mtsikana amene ankaonetsa anzake kanema uja, ukukuwa kuti mayi ako si abodza, anachita kuwapusitsa. Sindinakuthokozepo. Zikomo mwanawe, zikomo kwambiri. Koma dziwa kuti posoka bulauzi ija ndinkalira, chifukwa unkamenyera nkhondo munthu amene sunkamudziwa bwino.

Mwezi wathawu foni yanga inayamba kuvuta, iwe nkundiuza kuti yadzaza, ndifufute zakale. Ndinakhala pakhonde pomwe pano kufufuta zithunzi za maukwati ndi maliro, mpaka ndinafika pa mauthenga a a Jekete. Uthenga wa a Esinati unali pomwepo, pamene ndinawatumizira paja. Zaka zonsezi ndinali ndisanaumve mpaka kumapeto. Ndinadina. Itadutsa mbali ya mango ophika ija, mawu anapitirira:

"Koma chonde abale, musawanene a Nambewe. Anachita manyazi ndi alendo, ngati mmene tikanachitira tonsefe. Kwawonso nkhokwe ili mbee, ndadutsako dzulo, muli nkhuku. Olemba mayina akabwera, muyambire pakhomo pawo, ali ndi mwana pasukulu."

Mwana wa pasukuluyo ndiwe, Tadala. Munthu ankandiphimba, ine ndinamudula pakati nkumupereka. Ndinakhala pansi apa mpaka bambo ako anabwera kuchokera kudimba nkundipeza sindinasonkhe ndi moto womwe. Ndinawatsegulira uthengawo kuti aumve. Sanandikalipire, anangovula chipewa nkunena kuti, "Mawa muyambe kufunsa kumene ali." Uzimva munthu mpaka amalize, mwanawe. Ngakhale mawu ake oyamba akuwotche, udikire omaliza.

Ndinafunsa kwa amayi a kwaya, ndinafunsa kwa oyendetsa kabaza, mpaka wina anati amawaona pa Nathenje akugulitsa mtedza wokazinga m'mbali mwa msewu. Lachiwiri lapitali, paja ndinati ndikupita kukaona azakhali ako, ndinali kumeneko. Ndinawapeza atakhala pa ndowa yovundikira, aonda pang'ono, koma maso ndi omwe aja. Anandizindikira ndisanawoloke msewu.

"Amake Tadala! Mwasochera kapena?"

Ndinagwada pafumbi pomwepo, anthu akuona, nkuwapatsa moni. Anati, "Tili bwino, kaya inu." Ndinati ayi, ndabwera kuti mundiuze zenizeni. Anasendera nkundipatsa theka la ndowa ija kuti ndikhalepo. Anandiuza zonse: miyezi imene anagona m'khitchini ya munthu, mwana wawo wamkulu amene anasiya sukulu, amuna awo amene tsopano amaumba njerwa za eni. Nanenso ndinaulula zanga, zitatu zonse zija, osasiyako.

"Ndinkadziwa kuti ndinu," anatero. "Adimini analipo mmodzi."

"Nanga bwanji simunabwere kudzanditukwana?"

"Ndinkafuna, kangapo konse. Chinkandipweteka si kutichotsa ku esiteti kuja ayi, matenanti ndife oyendayenda. Koma ndinkati, kodi mayi aja anamva nkomwe zimene ndinanena kumapeto?"

Ndinati ndangomva mwezi wathawu. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, misozi ili mbwee, nane ndinayamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ogula mtedza anangoima kutiyang'ana ngati amisala. Sananene kuti zatha, ndipo ine sindinawakakamize. Koma atamva kuti ukupita kukaphunzira utolankhani anawomba m'manja nkuti, "Kamwana kolemera kaja? Kandipeze, ndikapatse kamba wa paulendo." Munthu amene ndinamuchotsa pamalo akukazingira mwana wanga mtedza. Ndilibe mawu okwanira othokozera, ndipo sindinayenere kuchitiridwa zimenezi.

Tsono pempho langa ndi ili. Kalatayi ndiika m'thumba la m'mbali la chikwama, ngati bambo ako amalize zipi ija, ndipo ndikuuza kuti uiwerenge m'minibasi ya ku Lilongwe. Uthenga wa a Esinati ndikutumizira pa foni m'mawa, uumve wonse. Ukafika mu Lilongwe usakwere basi yopita Blantyre mwachindunji. Ukwere minibasi, utsike pa Nathenje, mabasi a ku Blantyre ukawapeza pomwepo. Bambo ako avomera, ndipo ndalama ya minibasi yoonjezera ili mu envulopu momwemu.

A Esinati avomera kuti nkhani yawo idzakhale yoyamba imene iwe udzalembe. Sindikudziwa ngati kudzapezeke wailesi kapena nyuzi yoifalitsa, mwina aphunzitsi ako okha ndi amene adzaiwerenge. Ulembe basi. Ulembe kuti nkhokwe ija inali ya yani. Ulembe amene anatumiza uthenga kwa a Jekete, amene anaufufuta, ndi amene anatseka chitseko ngolo ikudutsa. Dzina langa usalibise, ndipo usandikongoletse poti ndine mayi ako. Ukayamba ndi kukometsa ine, mawa udzakometsa wina wa jekete.

Ndikudziwa kuti ukamaliza kuwerenga mwina sudzandionanso monga unkandionera. Ndi chimene chandisowetsa mtendere masiku onsewa, kuposa mtunda wa ku Blantyre. Ngati wakwiya, kwiya, ndi zoyenera. Usachite kudzikakamiza kuimba foni mawa. Ine ndidikira, ndipo tsiku limene udzaimbe sindidzakudula pakati.

Zina zonse ukuzidziwa kale. Uzipemphera, uzidya, juzi ili pansi pa chikwama poti akuti kumeneko kumazizira, ndipo anyamata olankhula Chingerezi cha m'mphuno uziwamva ndi khutu limodzi. Sopo ndaika ndekha, usavutike.

Ndikukuona ukubwera panjira apo, mutu uli phuliphuli ngati mkwatibwi, ndiye ndilekeze pano ndisanagwidwe. Pa Nathenje ukawapeza pafupi ndi pokwerera mabasi, atavala duku lobiriwira. Ukagwade, ukalandire mtedzawo ndi manja awiri. Ukawapatsa moni adzakuyankha kuti, "Tili bwino." Usakathamangire basi, mwana wanga. Ukakhale pansi, uwafunsenso.

Ndine mayi ako wokunyadira,
Nambewe